Kuweta Moto: Mbiri ya Lupsa ku Kasina ndi Mapiri a Dedza

Munthu wa ku Kasina sasowa kalendala kuti adziwe kuti Sepitembala wafika, utsi ndiwo umamuuza. Masana thambo limachita mbuu, phiri la Nkhoma limabisika ngakhale kulibe mtambo, ndipo kukada mizere ya moto imaoneka ikukwera zitunda cha ku Chongoni. Kukacha timaphulusa ta udzu timapezeka tikuyandama m'ndowa za madzi, tina titagwera pa ufa umene amayi ayanika pamphasa. Zimakhala choncho mpaka mvula ya chizimalupsa itagwa.

Moto umenewu ndi wakale kuposa mishoni ya Kasina ndi msewu wa M1. Chachilendo n'chakuti masiku ano ukuwerengedwa. Makina oyenda mumlengalenga amauona kangapo patsiku, makompyuta amasunga malo ndi ola limene wayaka, ndipo akatswiri osanthula deta amatha kuloza malo amene angapse chilimwe chikubwerachi. Komabe ntchito yoyang'anira moto sinayambe ndi makina. M'mapiri a Dedza inali m'manja mwa mafumu ndi ansembe a makolo, kenaka inapita kwa a zankhalango, ndipo lero yafika kwa anthu a makompyuta. M'nyengo zonsezi mafunso akhala awiri omwewo: ndani amalengeza tsiku lotentha tchire, nanga moto ukalusa amathamanga ndani?

Moto unali ndi mwini wake

Umboni wakale kwambiri wa anthu m'dera lino uli m'mapanga a Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala. Bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zojambula zofiira ndi za Akafula, alenje amene anayamba kukhala kuno, pomwe zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, atakumba pa Chencherere mu 1972 anapeza zida zamwala ndi mafupa a nyama zimene alenjewo ankadya. Alimi atafika ndi makasu ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo, ntchito ya moto inachuluka. Unkafunika poswa mphanje, powotcha makala a ng'anjo, posaka nyama ndi pophukitsa msipu.

Makolowo ankadziwa kuopsa kwa chimene anali nacho m'manja. Nthano ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imati poyamba Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere, mpaka tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Tchire linayaka, nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Mtundu umene umaphunzitsa ana ake kuti moto wa tchire ndiwo unalekanitsa munthu ndi Chauta sungalole aliyense kuyatsa mmene wafunira. Wansembe wa Chikatolika amenenso anali katswiri wa zachikhalidwe, Matthew Schoffeleers, analemba mu 1971 za malo a moto wa tchire m'chipembedzo cha makolo. Anaonetsa kuti kutentha kwakukulu kunali mwambo wokhala ndi eni ake ndi nyengo yake. Ku kachisi wa ku Bunda phiri linkatenthedwa mwamwambo chaka ndi chaka, ndipo utsi wakuda unkatengedwa ngati kalambulabwalo wa mitambo ya mvula.

M'mudzi ntchito zinkatsatana mwadongosolo. Choyamba chimanga chilowe m'nkhokwe. Kenaka anthu amwete tsekera ndi udzu wina wofolera, aumange mitolo, autute. Achinyamata alambule kuzungulira manda, dambwe ndi nkhokwe za kumphepete kwa mudzi. Zonsezi zikatha m'pamene mwini tchire ankalengeza uzimba, amuna n'kutuluka ndi mauta, zibonga ndi agalu, ndipo iye ankalandira gawo lake la nyama. Woyatsa tchire nthawi isanakwane, n'kupsereza udzu wa anzake kapena manda, unali mlandu wa kubwalo, wolipa nkhuku kapena mbuzi.

Posankha tsiku, akuluakulu ankawerenga zizindikiro. Ankathyola udzu m'manja kuti amve ngati wauma mpaka kuphata kapena ukadali ndi madzi kutsinde. Ankaona ngati mame akugwabe m'mawa. Ankadziwa kuti mwera wa mu Juni ndi Julayi umawomba kuchokera mbali imodzi, pomwe mphepo ya mu Okutobala imatembenuka ndi akamvuluvulu onyamula zikuni za moto kuwolotsa njira. Ankadziwanso kuti moto woyatsa dzuwa litapendeka, nyengo yozizira, umafa wokha chisisira chikagwa. Kuuma kwa udzu, chinyezi, mphepo ndi kutentha kwa dzuwa, zinthu zinayi zimenezi ndi zomwezo zimene makompyuta amaphatikiza lero poyeza kuopsa kwa moto. Kusiyana kwake n'kwakuti kale zinkasungidwa m'mitu ya anthu, ndipo wozisunga analinso ndi mphamvu yolamula.

Tisawakometsere makolo mopitirira muyeso. Uzimba waukulu unkachitika chilimwe chitakhwima, nthawi imene moto umaukira mitengo kwambiri. Chimene chinkapulumutsa nkhalango n'chakuti anthu anali ochepa, tchire linali lalikulu, ndipo malo ena sankaloledwa kupsa m'pang'ono pomwe. Yendani lero kuchokera pa Linthipe kulowera ku Kasina, muona kuti mitengo ikuluikulu yachilengedwe yatsala kumanda.

Malire, paini ndi nsanja

Dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, mphamvu pa tchire zinayamba kuchoka kubwalo la mfumu kupita ku boma. Dzalanyama inakhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, Chongoni mu 1924, ndipo phiri la Dedza mu 1926. Chaka chomwecho cha 1926 mkulu wa zankhalango, J. B. Clements, anayambitsa ndondomeko ya nkhalango za m'midzi, yopatsa mafumu malo osunga mitengo m'dzina la anthu awo.

Pa nkhani ya moto azunguwo sankagwirizana. Ena ankafuna kuuletsa kotheratu, ena ankati n'zosatheka. Mkanganowu unathetsedwa ndi kuyeza. Mu 1933 a zankhalango ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, anadula minda yoyeserera pafupi ndi Ndola, m'nkhalango ya miombo yofanana ndi yathu. Munda wina ankautentha chaka chilichonse kumayambiriro kwa chilimwe, wina kumapeto kwake, wina sankautentha konse, ndipo ankawerenga mitengo chaka ndi chaka. Colin Trapnell atasindikiza zotsatira zake mu 1959, zinaoneka poyera kuti moto wa kumapeto kwa chilimwe unapha mitengo ya mombo ndi mchenga n'kusiya thengo la udzu, pomwe munda wotenthedwa msanga unasunga mitengo yake pafupifupi mofanana ndi wosatenthedwa. Chifukwa chake n'chomveka. Mu Meyi ndi Juni udzu umakhala ndi chinyezi, moto umayenda pansipansi, umasiya zigamba zosapsa ndipo sufika kunsonga. Mu Okutobala udzu wauma gwa, mitengo yatulutsa kale masamba anthete ofiira aja, ndipo lawi limakwera n'kupsereza mphukira zonse. Kuletsa moto kotheratu nakonso kuli ndi msampha wake: udzu wa zaka zingapo umaunjikana, ndipo tsiku limene wina adzaponye kandudu, moto wake sudzagwirika.

Kenaka kunabwera paini. Pa phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, ndi ku Chongoni, boma linabzala mitengo yochokera ku Mexico yotchedwa Pinus patula kuti ipereke matabwa. Mtengo umenewu uli ndi khungwa lopyapyala ndipo masamba ake akayoyoka amayala mphasa youma pansi, motero moto umene mombo angaupirire umatha kupha munda wonse wa paini tsiku limodzi. Kuti chuma chimenechi chitetezeke, a zankhalango anakhazikitsa dongosolo lokhwima. Chilimwe chisanafike antchito ankalambula misewu yotchinga moto kuzungulira chigawo chilichonse. Pamalo okwera pankakhala nsanja, ndipo mlonda ankagonera komweko, maso ali kuzigwa. Akaona utsi ankadziwitsa ofesi, gulu lozimitsa n'kunyamuka ndi makasu, zikwanje ndi zophulira moto. Moto ukazima kalaliki ankalemba m'buku tsiku, nambala ya chigawo, kukula kwa malo opsa ndi chimene akuganiza kuti chinauyambitsa. Mabuku amenewo ndiwo deta yoyamba yolembedwa ya moto wa m'mapiri muno. Sukulu ya zankhalango ya ku Chongoni inaphunzitsa luso limeneli kwa alangizi a dziko lonse, ndipo dongosolo lomwelo linakagwira ntchito ku Viphya, kumene kuyambira 1964 kunabzalidwa mahekitala pafupifupi 53,000.

Dongosololi linkagwira ntchito chifukwa diso la pansanja linali lolumikizana ndi manja ogwira khasu. Koma linali ndi chilema chachikulu. Munthu wa m'mudzi, amene agogo ake ankasaka ndi kufula njuchi m'mapiri omwewo, anasanduka wolowerera. Nkhuni, bowa ndi msipu zinafuna chilolezo, pa nthawi yomweyo imene malamulo a malimidwe a m'ma 1940 ndi 1950 ankalipitsa anthu chifukwa cha mizere ya m'minda mwawo. Nkhalango itakhala ya boma, kuzimitsa moto wake kunakhalanso kwa boma, ndipo wokwiya ndi mlonda anapeza chida chobwezera mopanda mboni.

Nsanja zitasowa alonda

Kuyambira cha mu 1986 nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu ambiri kuno, mpaka othawa kwawo anaposa miliyoni imodzi m'dziko lonse. Dedza ndi Ntcheu, maboma a m'malire, analandira ochuluka, ndipo onsewo ankafuna nkhuni, milimo ndi udzu. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, ena anamva ufulu ngati chilolezo cholowa m'nkhalango ndi nkhwangwa. M'zaka zomwezo boma linachepetsa antchito a m'nkhalango zake, misewu yotchinga moto inamera, ndipo nsanja zambiri zinatsala zopanda munthu. Mzinda wa Lilongwe unkakula, makala ake n'kumachokera m'mapiri ozungulira. Pa kalembera wa 2018 boma la Dedza linapezeka ndi anthu 830,512.

Lamulo la zankhalango la 1997 linayesa kubweza udindo kwa anthu. Linavomereza makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe ndiponso mapangano oti boma ndi midzi azisamalira limodzi nkhalango zotetezedwa. Mu 2020 lamuloli linakonzedwanso, zilango n'kukhwima. Mu 2016 Malawi inalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Chaka chilichonse nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa mu Disembala, ana a sukulu ndi mipingo n'kudzaza mapiri ndi mbande. Koma mbande yobzalidwa mu Januwale imakhala isanafike m'chiuno pamene Okutobala akufika, ndipo moto wa mphindi khumi umafafaniza ntchito ya dzinja lonse.

Moto wambiri wa lero umayamba mopanda chiwembu. Taonani anyamata atatu m'munda wokololedwa, makasu paphewa, akufuna mbewa. Mapesi ndi udzu zaphimba mauna, ndiye mmodzi amakhwatcha machesi kuti aone pokumba. Kwa kanthawi moto umayenda mofatsa m'mizere, iwo ali kalikiliki kukumba ndi kutseka mibuli. Dzuwa likafika paliwombo mphepo imatembenuka, lawi limalumpha kanjira, n'kulowa m'tsekera wa m'malire. Anyamatawo amathyola nthambi zaziwisi, amaphula pang'ono, utsi ukawalowa m'maso amathawa, ndipo kunyumba sanena kanthu poopa mlandu. Ikamafika nthawi yoti akuluakulu aone utsi, moto uli kale pakati pa phiri. Moto wina umachoka pa uvuni wa makala, wina kwa wofula njuchi, wina kwa mlimi amene akusosa, wina kwa mbusa wofuna msipu. Aliyense mwa anthu amenewa ali ndi chifukwa chomveka. Chimene chikusowa ndi uja ankalengeza tsiku.

Diso lochokera kumwamba

Setilaiti yoyamba ya Landsat inaulutsidwa mu 1972, koma zithunzi zake zinali zogula mpaka 2008 pamene boma la America linazitsegula kwa aliyense. Pa nkhani ya moto zinthu zinasintha kwambiri ndi chipangizo chotchedwa MODIS, chimene bungwe la NASA linakweza pa setilaiti ya Terra mu Disembala 1999 ndi pa Aqua mu Meyi 2002. Chipangizochi chimayeza kutentha kochokera pansi, n'kuyerekeza kachigawo kalikonse ka nthaka ndi tizigawo toyandikana nako. Kachigawo kakatentha mopitirira tinzake, kompyuta imaika kadontho kofiira pa mapu. Mu 2011 kunabwera chipangizo chakuthwa maso kuposa chimenechi, VIIRS, pa setilaiti ya Suomi NPP. Madontho onsewa amaikidwa pa intaneti kudzera pa tsamba lotchedwa FIRMS patangopita maola ngati atatu, kwaulere, moti mlangizi wa ku Kasina wokhala ndi foni yamakono ndi bandulo akhoza kuona moto wa dzulo pa phiri lililonse la m'dera lake. Ku South Africa bungwe la CSIR, mogwirizana ndi kampani ya magetsi ya Eskom, linapanga njira yotchedwa AFIS, imene imagwiritsanso ntchito zithunzi za Meteosat zobwera mphindi 15 zilizonse, n'kutumiza uthenga pafoni moto ukayandikira nthambo za magetsi.

Masetilaiti anaonetsa chimene munthu wa pansanja sakanatha kuona. Mwa malo onse amene amapsa pa dziko lapansi chaka chilichonse, pafupifupi magawo 70 pa 100 ali mu Africa, ndipo lamba wa miombo, wochokera ku Angola kudutsa Zambia ndi Malawi mpaka ku Mozambique, ndi limodzi mwa madera oyaka kwambiri.

Diso limeneli lili ndi malire ake, ndipo malirewo amatikhudza kwambiri ife a minda ing'onoing'ono. Kachigawo kamodzi ka MODIS ndi kilomita imodzi mbali zonse, ndiye kuti mahekitala 100, minda ya mudzi wathunthu. Ka VIIRS ndi mamita 375, mahekitala ngati 14. Masetilaitiwa amadutsa pa maola ake, kotero moto woyaka chakumadzulo n'kuzima kusanade ukhoza kuwaphonya, ndipo mitambo imawatseka maso. N'chifukwa chake akatswiri amawerenganso lupsa lenilenilo, chipsera chakuda chotsala pansi. Masetilaiti a ku Ulaya a Sentinel-2, amene oyamba ake anaulutsidwa mu 2015 ndi 2017, amaona tizigawo ta mamita 10 mpaka 20 ndipo amabwerera pamalo omwewo masiku asanu alionse. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2021 atawerenganso ndi Sentinel-2 malo amene anapsa mu 2016 kumwera kwa chipululu cha Sahara, anapeza ochuluka ndi magawo 80 pa 100 kuposa amene MODIS inaona. Yambiri mwa imene inkaphonyedwa inali timoto ting'onoting'ono ngati ta anyamata a mbewa aja.

Luso losanthula deta limayambira pamene madontho a zaka zoposa 20 aunjikidwa pamodzi. Katswiri amatenga mapu a Chongoni ndi midzi yozungulira, n'kusanjikiza pamwamba pake mapu ena: kutsetsereka kwa malo, mtundu wa zomera, mtunda kuchoka pa njira kapena pamudzi, mvula ya dzinja lapitalo, kubiriwira kwa udzu mu Malichi, kutentha ndi mphepo ya tsiku lililonse. Kompyuta imayerekeza malo amene anapsa ndi amene sanapse, chaka ndi chaka, mpaka itagwira zinthu zimene zimakonda kupezeka pamodzi moto usanabuke. Imayesedwa pa zaka zimene sinazionepo, ndipo ikakhoza imapatsidwa chaka chino kuti iloze. Zotuluka zake ndi ziwiri: mapu osonyeza malo oopsa kwambiri, ndi chenjezo la tsiku ndi tsiku, limene ku South Africa amalipatsa mitundu kuyambira wobiriwira ngati thambo mpaka wofiira.

Zina zimene kompyuta imapeza n'zodziwika kale kwa akuluakulu. Moto umapita kumene kwatsala tchire, motero chaka cha mvula yabwino, udzu ukakula kuposa munthu, ndicho chaka cha moto woopsa. Moto umathamanga pokwera phiri, ndipo ozimitsa amawerengera kuti liwiro lake limawirikiza kawiri malo akapendekeka madigiri 10 owonjezera. Phindu la deta n'lakuti imaloza malo enieni: chigwa chakuti chapsa zaka zambiri zotsatizana, moto wake umalowera panjira yakuti, ndipo msewu wotchinga wa makilomita ochepa pamalo akuti ukhoza kuteteza mbande, bowa, masuku ndi mapanga a zojambula, amene nawonso amawonongeka ndi mwaye ndi kutentha. Koma setilaiti sidziwa amene wayatsa kapena chifukwa chake. Kadontho ka moto wadala wa mu Juni ndi ka moto wolusa wa mu Okutobala timaoneka tofiira mofanana.

Lupsa la kumtunda, madzi a kumunsi

Nkhani ya moto sithera pa mitengo. Phiri lopsa mu Okutobala limakumana ndi mvula yoyamba lili lambulanda. Kokalupsa akagwa, madzi salowa pansi, amakokolola phulusa ndi chonde n'kuzitsitsira m'makhwawa. Mtsinje wa Linthipe umafiira, umalandira Diamphwe ndi Lilongwe, umatsika chiphompho kupita ku Salima, n'kukathira matope ake m'nyanja pafupi ndi zilumba za Maleri. Wa ku Kasina akatentha phiri, wa ku Salima amatha kugona pamtunda madzi atalowa m'nyumba.

Dziko lino laphunzira za ngozi zogwa mwadzidzidzi kudzera m'maliro. Napolo anatsika phiri la Zomba mu Disembala 1946, ndipo anatsikanso ku Phalombe mu Malichi 1991, n'kukokolola midzi. Ngozi ya ku Phalombe ndiyo inabala lamulo loyamba la zangozi la 1991, limene nthambi ya boma yoona za ngozi ya DoDMA inakulira. Chivomezi cha mu Malichi 1989 chinagwetsa nyumba ku Salima ndipo chinagwedeza Dedza. Palibe kompyuta yolosera tsiku la chivomezi, koma mapu osonyeza malo oopsa amathandiza posankha pomanga ndi kamangidwe. Kenaka kunabwera madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, amene anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kumwera. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano loika patsogolo kukonzekera ngozi isanagwe.

Pa madzi ndi chilala, deta yayamba kufika kumudzi. Ntchito ya M-CLIMES, imene inayamba mu 2017 ndi thandizo la UNDP ndi Green Climate Fund, inaika makina oyeza nyengo odzitumizira okha uthenga, zida zozindikira mphezi, ndi zoyeza madzi m'mitsinje ya maboma asanu ndi atatu, Dedza ndi Salima ali momwemo. Madzi akakwera kumtunda, uthenga umafika pafoni ya komiti ya kumunsi, ndipo anthu amapeza maola ochepa osamutsa ana, mbuzi ndi ufa. Kunabweranso njira ya PICSA, yopangidwa ku University of Reading, imene inafika kwa alimi a ku Dedza kudzera mwa alangizi. Mlangizi amayala pepala losonyeza mvula ya zaka makumi angapo ya pamalo oyezera apafupi, kadontho kamodzi dzinja limodzi. Alimi amaika chingwe pa muyeso wa madzi amene mbewu yawo imafuna, n'kuwerenga okha madontho a pamwamba ndi a pansi pa chingwecho. Akawonjezera ulosi wa nyengo wa chaka chimenecho wochokera ku nthambi ya zanyengo, banja lililonse limasankha lokha mbewu yobzala. Manambala a papepalalo anachokera kwa anthu amene kwa zaka zambiri akhala akudzuka kukawerenga chikho choyezera mvula 8 koloko m'mawa uliwonse. Chilala cha El Niño, chimene chinachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28 mu Malichi 2024, chinali chitaloseredwa dzinja lisanayambe.

Chimene chatsala

Pa moto wa tchire unyolo wotere sunalumikizike mokwanira. Zithunzi zilipo ndipo n'zaulere. Achinyamata odziwa kuziwerenga alipo, ochokera ku koleji ya Bunda, ku yunivesite ya Mzuzu, ku yunivesite ya MUST, ndi ku African Drone and Data Academy imene inatsegulidwa mu 2020 mothandizidwa ndi UNICEF. Makomiti a m'midzi alipo, mafumu alipo. Chosowa ndi njira yoti chimene setilaiti yaona chifike pabwalo la a gulupu mu Chichewa, mu Epulo, udzu usanaume.

Ena anayesa kale ndipo zinatheka. Kumpoto kwa Australia, ku Arnhem Land, eni nthaka atachotsedwa m'madera awo moto wa kumapeto kwa chilimwe unkapsereza malo aakulu. Kuyambira 2006 iwo anabwezeretsa kutentha msanga kwa makolo awo, mapu a setilaiti akuwaonetsa pamene patsala udzu, ndipo amalipidwa chifukwa cha utsi umene achepetsa. Chimene chinasintha zinthu kumeneko ndi kubweza chigamulo kwa eni malo, deta n'kukhala yowathandiza.

Kwathu kuno zoyenera kuchita n'zodziwika. Ofesi ya zankhalango ya boma izitulutsa chaka chilichonse mapu a lupsa a dera la mfumu iliyonse, osindikizidwa papepala lalikulu, kuti anthu aloze okha pamene moto unalowera ndi kunena chimene setilaiti singanene. Mfumu ndi komiti azilengeza masiku omweta udzu, olambula misewu ndi otentha msanga mu Meyi ndi Juni, ndiponso tsiku limene kuyatsa tchire kwatsekedwa. Chenjezo la tsiku loopsa liziulutsidwa pa mawailesi a m'madera limodzi ndi ulosi wa nyengo. Sukulu iliyonse ikhale ndi chikho choyezera mvula ndi buku lolembamo moto uliwonse wa m'dera lake, kuti anyamata a mbewa akhale iwo owerenga moto. Ndalama za mbande zizigawidwa kuti zina zitsale zolambulira, chifukwa mtengo umawerengedwa ukapulumuka chilimwe.

Mbiri ya mapiri ano yaonetsa kuti moto umamvera pamene woona, wolamula ndi wozimitsa ali pamodzi. Zinali choncho pabwalo la mfumu, zinali choncho pansanja. Inu mafumu, alangizi, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo a ku Kasina, musadikire utsi wa Sepitembala. Itanitsani mapu a dera lanu chimanga chisanalowe m'nkhokwe, khalani pansi ndi anthu anu, ndipo mulengeze tsiku.